A Verna Olanda Makapu

Aliyense amene anagwirako ntchito pa fakitale yathu ya mipando ku Muskegon m'masiku a Verna Dombrowski akuuzani chinthu chimodzi: khofi wa m'mawa sanamumalizepo. Unkangoti wamwako kawiri, waika kapu pansi kuti uyankhe moni, pocheuka kapu palibe. Ili kale mu sinki, madzi akufuka nthunzi, a Verna atakulozetsa msana.

"Mayi, munali khofi mmenemo!"

"Anali atazizira."

"Ndangothira pompano!"

"Ndiye akanakuwotcha lilime. Uzithokoza, Lonnie. Amayi ako sanakuphunzitse?"

Obwera kumene ankayesa ndi ukhondo. Ukhondo wake uti? Mukanasuzumira m'galimoto mwawo, ngakhale khoswe akanapempha tsache. Nkhani inali ya manja. Nyamakazi inawakhazikika m'mfundo za zala kwa zaka zambiri, ndipo m'mawa uliwonse, makamaka nyengo yozizira ya chipale chofewa, zalazo zinkadzuka zitatupa, zitapindika ngati za nkhanu. Chikhalirecho ntchito yathu ndi yomanga mabawuti a mipando ya m'maofesi, ndi kamakina kampweya kamene kamanjenjemera m'dzanja tsiku lonse. Chimene chinkamasula zalazo ndi madzi otentha basi. Koma munthu sungangoima pa sinki manja ali m'madzi ngati ukudikira ubatizo, a mu ofesi amafunsa. Wotsuka makapu safunsidwa.

Tonse a pa mzere wathu tinkadziwa. A mu ofesi sankadziwa, ndipo a Verna analumbira kuti amene adzaulule adzamutsuka iyeyo mu sinki momwemo. Jakisoni amene ankawasungira manjawo, mtengo wake unali wogulira galimoto, ndipo inkalipira ndi inshuwalansi ya kuntchito. Ntchito ikatha, inshuwalansi yatha, jakisoni watha, zala zatseka. Ndiye ndani angalembe ntchito mayi wa imvi wolephera kutsegula botolo la jamu? Chimene ankafuna n'kungofika zaka 65, pamene inshuwalansi ya boma ya okalamba imayamba.

"Komatu lamulo limati sangakuchotseni chifukwa cha matenda," ndinawauza tsiku lina, kudzisandutsa loya.

"Zoona, mwana iwe. Sakuchotsa chifukwa cha matenda. Amakuchotsa chifukwa choti kampani ikusintha kayendetsedwe, kenako amakutumizira khadi la maluwa."

Kuchotsa anthuko kunalipodi. Fakitale yathu inkangogulitsidwa ngati njinga yakale. Eni ake atsopano akabwera ankayamba asintha chikwangwani cha pageti, kenako n'kuchepetsa anthu. A Verna ankazinunkhiza zimenezi kudakali mwezi wathunthu. Sankakhala pansi. Nthawi yopuma ife tili phee pa mabenchi, iwo ali yakaliyakali, ku zenera, ku sinki, ku chitseko, ku zenera konso, ngati nkhuku yosowa poikira.

Mabwana akatigulira madonasi, ife tinkathamangira bokosi. Iwo ankaima patali ngati muli njoka.

"Musadye amenewo, zitsiru inu! Mukuyesa nkhumba amainenepetsa chifukwa choikonda?"

"Ndiye anuwa ndidye ine, mayi?"

"Bweretsa kuno. Akandichotsa andichotse ndili wokhuta."

Lamlungu ankandiimbira foni mpira uli pakati.

"Lonnie, wamva?"

"Ndamva chiyani?"

"Palibe. N'chifukwa chake ndikuopa. Sabata yonseyi kwangoti zii."

Mabwana atsopano amakonda kuzungulira n'kumapatsa anthu chanza, kufinya dzanja ngati akufinya ndimu. A Verna akawaona akubwera ankanyamula makapu awiri, ina uku ina uku, n'kungowagwedezera mutu mwaulemu. Bwana wina anaima dzanja lili m'malere mpaka anangodzikanda nalo khutu.

M'mawa makapu akachepa, ankapita kukasaka. Anakhuthulapo zolembera za mlembi wa mu ofesi n'kutsuka kapu yake. Anatengapo kapu ya mlonda wa pageti, nkhalamba imene inali m'tulo, osadziwa kuti ndi mmene inkaviika mano ake oikirira. Mlondayo anabwera akuthamanga, mlomo utagwera m'kati, akulankhula zosamveka. A Verna anamubwezera mano atawapukuta bwinobwino.

"Tengani, bambo. Sanayerepo chonchi ngakhale muli nawo anuanu."

Kapu imene inavuta inali ya Rudy Salcedo, kapitawo wa mzere wathu. Rudy anali msilikali wa pamadzi ali mnyamata, ndipo kumeneko anaphunzira kuti kapu ya khofi satsuka, kukoma kumakhala m'litsiromo. M'kati mwake munali bii, mukanafesamo mbewu zikanamera. Ankaitsekera m'kabati yake ndi loko. Tsiku lina anaiiwala pa tebulo. Pobwera anaipeza ili mbee, mpaka kunaoneka kuti pansi pake panali chithunzi cha nangula chimene iye mwini anachiiwala.

"Verna! Wandifufutira mbiri yanga yonse!"

"Ndakupulumutsa, nkhalamba iwe. Munali chinthu mmenemo chimene chinandiyang'ana."

Rudy sanawalankhule mpaka masana. Koma m'mawa mwake anaisiyanso pa tebulo pomwepo, n'kumayang'ana kumbali.

Kutatsala chaka kuti a Verna afike pa zaka zija, kunabwera bwana Brandt, mnyamata wa nsapato zoyera ndi mtima wabwino. Mabwana oipa tinali titawazolowera. Wabwinoyu ndi amene anatsala pang'ono kutiphera munthu. Lolemba lina anatisonkhanitsa m'chipinda chodyera. Pakona panali chinthu chofunditsidwa nsalu, chomangidwa riboni yofiira.

"Anzanga," anayamba motero, "ndakhala ndikuona mayi mmodzi akutsukira anthu akuluakulu makapu tsiku ndi tsiku, popanda womuthokoza. Zimenezo zatha lero."

Anakoka nsalu. Makina otsukira mbale, atsopano, akunyezimira.

"Mayi Dombrowski, kuyambira lero manja anu sadzakhudzanso madzi!"

A mu ofesi anawomba m'manja. Ifenso tinawomba, nanga tikanatani, koma mwa apo ndi apo ngati tikupha udzudzu. A Verna anamwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi.

"Zikomo, bwana. Simukudziwa chimene mwandichitira."

"Musadandaule, mayi, ndi kanthu kochepa."

Sabata imeneyo inali yowawa. Belu likalira ankapita pa mzere manja ali ouma gwa. Kamakina kaja kankawapulumuka, mipando inkaunjikana pa malo awo. Ine ndi Rudy tinkawabera ina n'kumanga mwakabisira, koma kompyuta imawerengera munthu aliyense payekha, ndipo dzina lawo linayamba kutsika. Anayesa kukhalira manja m'galimoto asanalowe. Anayesa chowumitsira manja cha kuchimbudzi, mpaka wina anakanena ku ofesi kuti chawonongeka, sichikuzima. Lachinayi ndinawapeza atakumbatira makina a khofi ngati mwana wawo wobwera kunkhondo. Sindinaseke. Chabwino, ndinaseka pang'ono.

Munthu wina amene sindimutchula, chifukwa ali ndi banja ndipo dzina lake ndi Lonnie, anathira m'makina atsopanowo botolo lonse la sopo wamadzi, uja wotsukira pamanja. Thovu linatulukira pansi pa chitseko, linadutsa m'khonde, linakalowa mu ofesi ya malipiro osagogoda. Masiku angapo a Verna anabwerera pa sinki akuimba nyimbo. Koma bwana Brandt anaitana wokonza, anagula sopo woyenera, n'kupachika chikwangwani cha zithunzi zokhazokha, kuti ngakhale ife amene sukulu tinangoipatsa moni timve.

Chinatipulumutsa ndi makina omwewo. Kapu yanga inali ndi chithunzi cha mwana wanga wamkazi. Italowa m'makinamo kangapo, mwanayo anatsala makutu okha. Ndinakamuonetsa Rudy ndikudandaula. Rudy anaiyang'anitsitsa, anaitembenuza, kenako anandipsompsona pa dazi.

"Makapu ena salowa m'makina," anatero. "Uza anthu."

Lolemba lotsatira mukanaona! Amuna a ndevu, a zojambula m'mikono, oyendetsa zonyamulira katundu, aliyense atapanira kakapu ka maluwa ka mkombero wagolide. Loweruka tinali titasesa sitolo ya kaunjika ya kuseri kwa tchalitchi, osasiya ngakhale kamodzi. Chala cha Rudy sichinkalowa n'komwe m'chogwirira, ankangokanyamula ndi zala ziwiri ngati mfumukazi.

Bwana Brandt analowa n'kuima pakhomo.

"Bambo Salcedo, kapu imeneyo bwanji?"

"Ndi ya malemu agogo anga, bwana. Golideyu m'makina amachoka."

"Nanga yanu, a Lonnie?"

"Ya agogo anganso."

"Nonsenu agogo anu amwalira sabata imodzi?"

"Chisanu cha chaka chino n'choopsa, bwana."

A Verna anali kale pa sinki, manja ali m'madzi mpaka m'zigongono, akutilalatira kuti timakapu totere n'tosewerera ana, ndani wamva kuti mwamuna wamkulu amamwera khofi m'chigoba cha dzira. Bwanayo anawayang'ana nthawi yaitali, osati kumaso koma m'madzimo. Anatuluka. A Verna sanagone sabata yonse.

"Bwana uja waona manja angawa, Lonnie. Ndikukuuza waona."

"Waona makapu, mayi."

"Iwe ubongo wako unatsukidwira limodzi ndi chithunzi cha mwana wako."

Kutatsala miyezi iwiri kuti tsiku lawo lobadwa lifike, kampani inataya wogula wamkulu. Lachisanu m'mawa mayina anayamba kuitanidwa pa chimkuzamawu, mmodzimmodzi. Woitanidwa ankalowa mu ofesi chimanjamanja n'kutuluka ndi katoni ya katundu wake, ntchito itamuthera. Rudy anali m'gulu loyamba. Anatuluka atakumbatira katoni yake, anangotikwezera chibwano, n'kulunjika kugeti. Kenako mawu aja anamvekanso: "Verna Dombrowski, ku ofesi."

Mzere wonse unaima. A Verna anavula magolovesi powakoka ndi mano, monga ankachitira, n'kuwaika pa benchi.

"Lonnie," anatero motsitsa mawu, "ndikatuluka ndi katoni undinyamulire. Sinditha kuigwira."

Zaka zonsezo ndinali ndisanawamvepo akunena kuti sinditha.

Anatuluka opanda katoni, nkhope ili psuu, m'manja muli kakapu ka maluwa.

"Zatha bwanji, mayi?"

"Chitsiru chija cha Brandt! Kundiitana pa chimkuzamawu tsiku ngati la lero! Ndalowa nditakonzeka kumutukwana mpaka mtundu wake wonse, iye akuti, dzina lanu palibe pa mndandanda wa ochotsedwa, mayi, ndipo silikhalapo chaka chino. Koma ndili ndi vuto. Kapu iyi ndi ya agogo anga, m'makina siingalowe."

Anaitembenuza. Pansi pake panali padakali kapepala ka mtengo ka kusitolo.

Anapita ku sinki, anatsegula madzi, n'kuima pamenepo nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Kaya ankaseka, kaya ankalirira Rudy, palibe anapita kukafunsa.

Tsiku lobadwa litafika anagwira ntchito mpaka nthawi ya nkhomaliro. Anasiya mpando uli ndi mateyala atatu, anati wina amalize, n'kutuluka osatsanzika ku ofesi. Ife tinati tsopano apume. Kupuma ankakudziwa? Ankadzukabe m'bandakucha n'kumazungulira m'nyumba. Anavutitsa tawuni yonse pa foni mpaka Rudy anapeza ntchito yoyendetsa basi ya ana asukulu, kenako anayamba kumuimbira Rudy yemweyo kuti wamva mphekesera zoti mabasiwo achepetsedwa.

Inshuwalansi imene anaivutikira chonchija anaidyerera chaka ndi miyezi yochepa. Nyamakazi yamtunduwu, akuti, siithera m'zala. Inafika m'mapapo. Anamwalira chipale chitasungunuka, nyengo imene manja awo ankapezako bwino.

Fakitale ilipobe, ndipo mantha sanapite kulikonse. Kungoti kale mantha athu anali ndi mwini wake. A Verna ankaopa mokuwa, kutiopera tonsefe, ife n'kumaseka, ndipo munthu ukaseka ntchito imagwirika. Pano aliyense amaopa yekha. M'mawa ndikafika ndimapeza magalimoto atandanda pabwalo, injini zikulira, m'galimoto iliyonse muli munthu mmodzi atagwira chiwongolero, maso ali pa chitseko cha fakitale. Palibe amatsika belu lisanalire. Nanenso ndimaimika yanga kumapeto, n'kukhala momwemo.