Kadi Yandikwatitsa Apongozi

Mpaka lero ndikamva mawu oti kadi ya ukwati, ndimasintha nkhani msangamsanga.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kashopu kosindikiza makadi ku Limbe, ndipo pulogalamu ya pa kompyuta ndinailemba ndine (ndinkayenda monyang'wa nazo zimenezi, osanama). Inali pawiri. Mbali yaikulu inkalandira mayina n'kuwamanga m'kaphukusi kamodzi, kenako n'kupatsira kafayilo kena kotchedwa DLL, komwe ntchito yake inali kusindikiza. Tsono DLL ndi wantchito wosafunsa. Sayang'ana kuti dzinali ndi la yani, amangodziwa kuti choyamba m'phukusi ndi mkwati, chachiwiri mkwatibwi, chachitatu malo a phwando.

Ukwati wanga ndi Tiyanjane utayandikira, ndinafuna kusangalatsa mayi ake, a Nabanda, mayi wa mvano amene ndinali ndisanawayang'anepo m'maso. Ndinati dzina lawo lionekenso pa kadi. Ndinalilowetsa m'phukusi muja, pakati pa langa ndi la mwana wawo, koma DLL sindinaikonze kuti idziwe za mlendoyo. Pa sikirini zonse zinali mwa nyooo.

Ndinasindikiza Lachisanu masana abwana ali ku mzikiti (pepala linali lawo, inki yawo, musandifunse zambiri). Chifukwa cha mantha, ndinangopinda makadiwo mothamanga n'kuponya m'maenvelopu osawerenga ngakhale imodzi. Pofika madzulo anali atafika kale ku Chirimba ndi ku Nkolokosa.

Woyamba kuimba anali msuweni wanga, kufunsa ngati ku Tiyanjane kochitikira phwandoko ndi holo kapena bala. Ndinamutukwana. Kenako anaimba Tiyanjane mwiniwake, mawu ali zii, n'kundiuza kuti nditsegule kadi imodzi ndiwerenge mokweza. Abale inu, kadi inkalengeza kuti ine ndikukwatira a Nabanda, phwando ku Tiyanjane. Tiyanjane anati ngati sindikaonekera kwa makolo ake, ukwati palibe.

Ndinakwera minibasi ya ku Chimwankhunda, kwa makolo akewo. Apongozi aakazi atangondiona anathawira kuchipinda. Bambo anakhala pakhonde, kadi ili pa bondo, n'kundisiya ndifotokoze za phukusi ndi DLL mpaka malovu anandiuma. Anandifunsa kuti Dieloyo kwawo n'kuti, ndipo ndani anamutuma.

Kenako anati, "Mkamwini, mayiwa ndakhala nawo kuyambira ndili ndi tsitsi. Ngati mwatsimikiza mtima, bwerani ndi ankhoswe tikambirane. Koma mukatenga, kubweza ayi."

Kuchipinda kuja kunamveka chikhakhali, ndipo ndi chimene chinandipulumutsa. Makadi ndinasindikizanso ndi ndalama zanga, ukwati n'kuchitika ndi mwini wake weniweni.

Masiku ano ndikasintha phukusi, DLL ndimayamba ndiyo kuikonza. Koma phunzirolo linabwera mochedwa. Ana athu akula tsopano, komabe ndikangolowa pa geti ku Chimwankhunda, bambo aja amanyamula mpando wawo n'kukauika pafupi ndi akazi awo.