Mmene Nyika Inalowera M'silabasi

Ine sindiyankhulayankhula. Anzanga a m'kalasi ena anamaliza chaka choyamba akuganiza kuti ndili ndi vuto la lilime. Koma tsiku lina ndinatsegula pakamwa n'kutulutsa liwu limodzi lokha, ndipo chifukwa cha liwu limenelo agogo anga masiku ano amakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, pafupi ndi chitseko, kuti mapemphero akangotha azituluka asanakumane ndi munthu.

Ndinakulira kwa Mbenje, ku Nsanje, m'manja mwa agogo. Bambo anamwalira ndisanayambe kuyenda. Amayi anapita kudambo chaka china cha njala kukafukula nyika, ng'ona inawagwira, anzawo anabwerako ndi dengu lokha. Kwa amene simuidziwa, nyika ndi mizu yobulungira, yakuda kunja, ya maluwa oyandama pamadzi aja. Imakhala m'matope pansi pa dambo, ndipo munthu amaifufuza ndi zala za kumapazi madzi akulekeza m'khosi. Palibe amaidya chifukwa choikonda. Khomo likayamba kuphika nyika, mudzi wonse umadziwa kuti pamenepo zinthu zatha.

Chichokereni maliro a amayi, nyika sinalowenso pakhomo pathu. Agogo anadzipha ndi ntchito kudimba, mbatata, chimanga, mpunga, kuphatikiza mbuzi ndi abakha, kuti anthu azinena kuti mayi uja analera mwana wamasiye osagona ndi njala. Mbiri imeneyo ndiyo inali chuma chawo chonse. Ine ndinkangoyang'ana, poti kuyang'ana ndiye luso langa.

Kukoleji (dzina lake ndisunga, ndikufunabe satifiketi yanga) ndinkaphunzira za kadyedwe. Kunali mphunzitsi wina amene tinkangomutchula kuti a Dokotala, munthu wabwino mtima koma wa chinthu chimodzi m'mutu: zakudya zamakolo. Poyamba nkhani imeneyi inkaphunzitsidwa Lachisanu masana, teremu ikamatha, anthu atalongedza kale zikwama. A Dokotala ankafuna kuti ikhale kosi payokha, yokhala ndi ofesi yake ndi chikwangwani pachitseko.

"Kuti chinthu chitchedwe maphunziro," ankatero akuyenda uku ndi uku, "pafunika dzina, pafunika mabuku, pafunika mayeso, komanso anthu olephera mayesowo. Popanda olephera palibe angatilemekeze."

Vuto linali lakuti chilichonse chimene ankagwira chinali kale ndi mwini wake. Atatchula mapira, a zaulimi anati amenewo ndi awo. Atatchula malambe, a zankhalango anakwiya. Ngakhale thobwa, a zachikhalidwe anati analemba kale. Ndipo akuluakulu ovomereza makosi anali atanena kuti sangalole kosi yatsopano ngati ilibe chinthu chake chimene ena onse sakuphunzitsa.

Ndiye tsiku lina a Dokotala anaima pakati pa kalasi. "Ndani akudziwa chakudya choti m'mabuku athu mulibe?" Maso awo anazungulira n'kudzaima pa ine, ndipo ine munthu akandiyang'anitsitsa ndimamva ngati ndaba kanthu.

"Nyika," ndinatero.

Sabata yotsatira nyika inali itapezeredwa dzina la Chilatini lalitali kuposa nyikayo, ndi malo ake m'silabasi. A Dokotala anandiitanira kuofesi (inali ya munthu wina, iwo anali ndi ngodya chabe).

"Agogo ako amadziwa kuiphika?"

"Amadziwa." Sindiname, amadziwadi.

"Basi tapulumuka! Akuluakulu aja akufuna aone ophunzira ali kumudzi, akuphunzira kwa katswiri weniweni. Tipita kwanu."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanafotokoza za amayi ake. Ine ndinayang'ana nsapato zanga n'kunena kuti, "Chabwino."

Agogo alibe foni, timayankhulana kudzera pa ya a Mai Zuze, oyandikana nafe nyumba. A Mai Zuze ali ndi chizolowezi chokweza mawu a foni kuti nawonso azimva, ati kuwathandiza agogo poti makutu anayamba kuvuta. Ndinamva ndithu kuti pabwalopo pali anthu ena, wina akusinja, wina akutsokomola.

"Agogo, kubwera alendo ochokera kukoleji kudzakuonani."

"Kudzandiona ine? Walakwa chiyani kumeneko?"

"Sindinalakwe. Akufuna aone kumene ndinakulira."

Ndinamva nthungululu ya a Mai Zuze. Liwu lija ndikanalitchula bwanji pamenepo, mudzi wonse uli pafoni? Ndinadziuza kuti ndikafika msanga, ndikawafotokozera tili awiri.

Ndinatsogola ndi tsiku limodzi, n'kutsikira pa Bangula kuti ndigule nyika pamsika. Tsoka lake chaka chimenecho anthu anakolola bwino. Mayi woyamba amene ndinamufunsa anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Achimwene, tikuoneka anjala ife? Onani mpunga uwu." Wachiwiri anaitana anzake kuti adzaone mnyamata wovala taye akufuna nyika. Pamapeto pake msodzi wina anandimvera chisoni, anapalasa bwato kupita kudambo n'kundibweretsera kathumba kodontha matope. Pondipatsa anandigwira paphewa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Limbani mtima, zimachitika."

Nditafika kumudzi ndinazungulira kuseri, kathumba kaja ndinakasomeka kudenga la khola la mbuzi. Kenako ndinatulukira kubwalo. Agogo anali atazira nyumba yonse mpaka khonde. Mipando anabwereka kutchalitchi. Mbuzi yaikulu ija, imene ankaisungira tsiku langa lomaliza sukulu, inali italendewera pamtengo ikusendedwa. Amayi a kwaya ankayeserera nyimbo yolandirira alendo, ndipo m'nyimbomo munali dzina langa. Agogo anandigwira masaya onse awiri, chinthu chimene anasiya ndili wamng'ono. Ndinati ndiwauza m'mawa. M'mawa ndinati ndiwauza akamaliza kutsuka mpunga.

Minibasi inafika dzuwa litakwera, kuli kutentha kwa kwathu kuja koti ngakhale abakha amayasamula. Munatuluka a Dokotala, akuluakulu awiri ovala majekete (anawavula asanafike pamipando), ndi anzanga a m'kalasi, aliyense foni m'mwamba. Kwaya inaimba. Agogo, atavala chitenje chimene chimatuluka pa Khirisimasi pokha, anagwada n'kupereka moni kwa mlendo aliyense payekhapayekha.

Kenako a Dokotala anaimirira.

"Amayi, ife tabwera ngati ana asukulu. Mdzukulu wanuyu anatiuza kuti inu ndinu katswiri wa nyika. Takhala tikufunafuna khomo limene nyika ndi chakudya chake, ndipo lero talipeza."

Anawomba m'manja okha. A Mai Zuze, osapemphedwa ndi munthu, anatembenukira kwa okhala kumbuyo n'kumasulira zonse m'Chisena, mokweza, n'kuwonjezeramo zawo.

Agogo anandiyang'ana. Sanakwiye, anangondiyang'ana ngati akufuna kukumbukira kuti ndine mwana wa ndani.

"Pakhomo pano palibe nyika, bambo," anatero. "Pali mpunga ndi nyama."

Mmodzi wa akuluakulu aja anayang'ana wotchi. A Dokotala anayang'ana ine, nkhope yawo ikupempha. Kosi yawo yonse inali pamutu panga. Ndipo apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndimachiganizirabe ndikamasamba. Ndinadzuka, ndinapita kukhola anthu onse akuona, ndinakweza dzanja kudenga n'kusolola kathumba kaja.

Taganizirani mmene zinaonekera. Mayi wangonena kumene pamaso pa mudzi kuti kwake kulibe nyika, mdzukulu wake n'kukaitulutsa pobisika, m'khola lake lomwe.

"Aa! Kani mumadyera kukhola, anzathu!" anafuula a Mai Zuze. "Ife kumangoti mpunga, mpunga, kani mpungawo ndi wa alendo!"

Ena anaseka, ena anagwira pakamwa. Agogo anadzuka pang'onopang'ono, anakutumula chitenje chawo m'mawondo, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

A Dokotala anandinong'oneza kuti akatswiri ambiri ndi amanyazi, ndiye ndingoonetsa ndine. Ine nyika ndinaiona ikuphikidwa ndili kamwana, nditakhala pambali pa amayi. Ndinkakumbukira mphika, utsi, ndi manja awo. Nthawi imene imatenga pamoto sindinkaidziwa. Ndinasonkha moto pakati pa bwalo, taye ikulowa m'phulusa, anzanga akujambula. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu anafunsa amayi a kwaya kuti nyika ili ndi mavitamini anji. Mmodzi wa iwo anangomufunsa ngati kwawo kuli dambo.

Akuluakulu aja anali ndi ulendo wautali, choncho ndinaphula msanga. Nyikayo inali yolimba ngati mwala, yowawa ngati mankhwala a malungo. Wamkulu mmodzi analuma, nsagwada inaima, maso anadzaza misozi. Anameza mwaulemu n'kunena kuti kakomedwe kake n'kosiyana ndi china chilichonse chimene anthu akuphunzitsa m'dziko muno. A Dokotala anatsala pang'ono kuvina.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo. Amayi a kwaya atabweretsa mpunga ndi nyama, alendo anakambirana pang'ono n'kukana. Anati sangadye mbuzi ya mayi wovutika chotere, amene amadalira mizu ya m'dambo, bola aisunge idzamuthandize. Kwathu kukana chakudya cha munthu amene wakuphera mbuzi ndi kumutukwana. Koma iwo sanalekere pomwepo. Anatuma dalaivala kuminibasi, anabwera ndi thumba la ufa limene anagula panjira, n'kulitsamiritsa pachitseko cha agogo chotsekacho. Anajambulitsa ataimirira pambali pake, n'kumapita.

Anthu anabalalika mwakachetechete, ena atanyamula nyama m'mbale poti ikanawonongeka. Ine ndinabweza mipando kutchalitchi ndekha. Nditabwerako dzuwa likupendeka ndinapeza agogo atakhala pakhonde, atavala chitenje chawo chakudimba.

"Mwabwera, a koleji?"

Moyo wanga wonse anali asananditchulepo kuti inu.

"Agogo, ndimafuna ndikuuzeni dzulo."

"Zaka zonsezi ndimauza anthu kuti mukuphunzira za chakudya. Kani mukuphunzira njala?"

Ndinayesa kufotokoza za kosi, za chikwangwani pachitseko, za akuluakulu ovomereza. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, chifukwa agogo sadula munthu pakamwa.

"Chinthu chimenechi chinandidyera mwana," anatero. "Inu mwachitenga mwapita nacho kutauni kuti chikapatsidwe ofesi. Chotsani ufawo pakhomo panga."

Ndinaunyamula osadziwa kopita nawo. A Mai Zuze anali ataima kale pampanda, manja ali chotambasula.

Kosi ija inavomerezedwa. A Dokotala ali ndi chitseko chawochawo tsopano, ndipo pakhoma la ofesiyo pali chithunzi cha ine nditagwada pamoto, kumbuyo kwanga kukuoneka nyumba ya agogo, chitseko chili chotseka. Pamayeso panabwera funso la nyika. Ndinalemba zonse zimene ndikudziwa, za matope, za ng'ona, za manyazi, koma dzina la Chilatini lija linandithawa, ndiye ndinangokhoza mwa mwayi. Amene anaposa tonse ndi mtsikana wa mavitamini uja. Olephera analiponso, ndipo a Dokotala akuti ndi chizindikiro chakuti phunziroli lakhwima.

Kumudzi ana amati akatumidwa kwathu, amanena kuti akupita kwa a Nyika. Anthu amene kale ankabwera kudzapempha mbewu ya mbatata kwa agogo, masiku ano amabwera ndi kambale ka ufa, nkhope zachisoni. Agogo amalandira, amathokoza, amakathira abakha.

Mwezi wathawu a Dokotala anandiitana. Akuti ulendo wa kwa agogo unalembedwa m'silabasi, ophunzira atsopano azipitako chaka chilichonse, ndipo kusintha zimenezo n'kosatheka pokhapokha komiti itakhala pansi. Anandipempha kuti ndiwadziwitse akatswiri athu. Mukuganiza kuti ndinayankha chiyani? Ndinayang'ana nsapato zanga.

Ndinaimba foni ya a Mai Zuze madzulo ake.

"Agogo, alendo aja akuti abweranso."

"Ndidzakhala ndili ku Mozambiki, kwa achemwali anga."

"Koma tsiku sindinalitchule."

"Tchulani lililonse. Ndidzakhala ndili ku Mozambiki."

Madzi akhala akusefukira kwathu kangapo, anthu n'kuthawira kumtunda, koma agogo sanagonepo kunja kwa mudzi wawo. Tsopano ayamba kufunsa za mabwato owolotsa anthu pa Shire, ndipo abakha akuti awasiya kwa mbusa wa kutchalitchi. A Dokotala sindinawauzebe. Tsiku lililonse ndimadutsa pachitseko chawo chatsopano chija, ndimaima, ndimawerenga chikwangwani, kenako ndimapitirira.