Masoketi Eyiti a Biziwiki

...ayi, ayi, zimenezo ndiye zimandinyansa! Chilichonse chokoma mukamva mumathamangira kuti "anatero makolo". Makolo ake ati? Mwambi mwautchulawo si wakumudzi, ndi wapompano pa Biwi, kuseri kwa magalaja, ndipo mwini wake ali moyo, akuyenda ndi sikuludiraiva m'thumba mpaka lero. Iwe wangofikawe khala apo, usandifunse kuti tikukamba chani, umva. Mafoni pansi. Mwambi umenewu mmene unayambira ndi motere.

Panali mayi wina dzina lake Dorika, wa saluni ku Mchesi. Ameneyu anaitanitsa galimoto ku Japan, pafoni pomwepa. Osati galimoto wamba ayi, zija amagonamo azungu akamazungulira dziko: mkati bedi, kasinki, timakabati, nyumba yeniyeni koma yamatayala. Nzeru yake inali yakuti akwatibwi aziwakonzera tsitsi momwemo, n'kukawatula pakhomo la tchalitchi fumbi lisanawakhudze. Itangofika anaiikitsa zitsulo zotchinga akuba m'mawindo onse, paja kuno n'kuno. Kasitomala woyamba anapezekanso pompo: mtsikana wina, Tiyanjane, ukwati Loweruka naini koloko.

Vuto linali limodzi. Masoketi a m'galimotomo anali akwawo, timabowo tiwiri topyapyala ngati mphini. Mapulagi athu a mano atatu aja osalowa. Dorika anayesa yachimalawi, kusenda waya, kusomeka, kukhomerera ndi kamtengo ka machesi. Dulaya youmitsira tsitsi inangolira ngati udzudzu. Mphamvu yochepa.

Nde anthu anamulozera Biziwiki.

Biziwiki sukulu yake ya magetsi inali mavidiyo a pafoni, ndipo palibe vidiyo imene anaionerapo mpaka kumapeto. Ikangoyamba, "aa, ndadziwa kale," chala kwee, ina. Anali ataikapo magetsi m'nyumba ziwiri, ndipo imodzi ikadalipo.

"Achimwene, galimotoyi inabwera ndi kabuku," anatero Dorika. "N'ka Chijapani koma zithunzi zilimo."

"Ndadziwa kale, mayi. Mabuku ndi a anthu amene akuphunzira. Ife tinamaliza."

"Komanso chitseko cha m'mbalichi..."

"Ndadziwa kale. Masoketi mukufuna angati?"

"Atatu akwana."

"Ndikuikirani eyiti. Saluni ya masoketi atatu anthu angakusekeni."

Lachitatu m'mawa ntchito inayamba. Choyamba mkuluyu anatseka zitseko zonse, akuti anthu a pa Biwi amaba luso ndi maso. Iye ankalowera kutsogolo, kudumpha pakati pa mipando. Mkatimo anagwira ntchito monga amagwirira m'nyumba: paipi yapulasitiki yodutsamo mawaya, kuizunguliza khoma lonse mzere umodzi, woongoka bwino, sikuluwu apa, sikuluwu apa. Paipi ija inafika pachitseko cha m'mbali, chija chotsetsereka. Kodi inaima? Inadutsa ngati basi ya ekisipulesi. Masoketi awiri anawakhomera pachitseko pomwepo, akuti m'pamene pali malo abwino. Kumbuyo anaika mabatire awiri a thiraki ndi inveta yosandutsa mphamvu yake kukhala magetsi a m'nyumba, zonse m'bokosi lachitsulo, mabawuti ena pansi, ena pachitseko chakumbuyo, kuti lisagwedere.

Pafupi pamenepo pali galaja ya a Likaka, mdala wowotcherera, yemwe uja anaika zitsulo m'mawindo. Lachisanu a Likaka anasuzumira pawindo.

"Iwe Bizi, paipi yakoyo yadutsa pachitseko."

"Ndadziwa kale, mdala."

"Chitsekotu chimayenda chimenecho. Si khoma la njerwa."

"Mdala, inu zanu ndi zamoto, ine zanga ndi zamphamvu. Munandionapo ine ndikukuphunzitsani kuwotcherera geti?"

A Likaka anangotsitsira magalasi akuda aja kumaso, n'kubwerera kugeti lawo.

Loweruka sikisi koloko m'mawa, Dorika uyu watulukira ndi mkwatibwi, diresi lili m'chikwama.

"Tsegulani tilowe, nthawi yatha."

"Lowerani kutsogolo kaye, m'mbalimo guluu sanaume."

Tiyanjane, mwana wa eni ake, anadumpha giya ngati akudumpha ngalande. Dorika pambuyo ndi zikwama. Atakhala pansi, Dorika anaona kuti aliyense wodutsa akuona mkati kudzera pagalasi lakutsogolo.

"Nanga bolodi lotchinga kuseri kwa mipandoyi lili kuti? Mkwatibwi savala anthu akuyang'ana."

"Ndadziwa kale, ndi ili. Inu yambani, ine ndimalizitsa."

Bolodi lake linali thabwa lochindikala, lokhala ndi swichi yaikulu ya magetsi onse. Analiimika kuseri kwa mipando, iye ali mbali ya dalaivala, n'kuyamba kukhoma maliveti. Pha! Pha! Pha! Makumi atatu, akuti lisamalire pa mabampu. Kenako swichi, thwa.

Pano tinene chilungamo, ine sindinamizira munthu: magetsi anayaka. Masoketi onse eyiti! Dulaya ikubangula ngati chigayo, ketulo ikuwira, ayironi yatentha, Tiyanjane akutchaja mafoni awiri nthawi imodzi. Biziwiki anadzijambula, kuponya pa sitetasi: "Japan yagonja pa Biwi." Anakananso dalaivala wina aliyense, akuti ayendetsa yekha kuti anthu kutchalitchi amuone injiniya.

Anafika naini itatsala mphindi khumi. Nthungululu, makamera, mkwati Filimoni waima pamasitepe suti ikumuotcha. Abusa a pamenepo tsiku limenelo anali ndi maukwati anayi, masana maliro, ndipo amadziwika kuti sadikira munthu, kaya ndi mwana wandani.

Nkhoswe ya kuchikazi inagwira chitseko cha m'mbali, kukoka. Zii. Anabwera amuna awiri, kukoka limodzi. Mkati munamveka tswaa, kafungo ka waya wopserera.

"Siyani! Siyani, mutiotcha!" anakuwa Dorika.

Amuna aja anathamangira kumbuyo. Chitseko chagwirana ndi bokosi la mabatire ngati mapasa. Kutsogolo, bolodi, maliveti makumi atatu. M'mawindo, zitsulo za a Likaka, zija ngakhale wakuba amangoziona n'kupereka moni.

"Anti, nde ine ndikwatiwa bwanji?" Tiyanjane misozi yayamba kuchotsa zopakapaka zonse.

"Usalire iwe, uwononga ntchito yanga! Biziwiki! Titulutse muno!"

"Ndadziwa ka... dikirani kaye, pali vidiyo ina yake." Chala kwee pafoni, bandulo yatha.

Abusa anatuluka, kuyang'ana wotchi. "Amene alipo ndiwadalitsa. Amene palibe, mwezi wamawa."

Mwezi wamawa? Ng'ombe yaphedwa kale, abale abwera pa lole kuchokera ku Ntcheu! Filimoni anagwada pamasitepe pomwepo.

"Abusa, chonde, alipotu! Si uyo pawindoyo?"

Abusa anayang'ana mkwatibwi, kuyang'ana zitsulo, kuyang'ananso wotchi. Akuti palibe lamulo la mpingo lonena kuti mkwatibwi akhale wapansi. Galimoto anaibweza cham'mbuyo mpaka windo linayang'anana ndi khomo la tchalitchi. Maukwati atatu mkati, wachinayi pakhonde. Filimoni anavundukula velo ndi zala ziwiri. Mphete inadutsa pakati pa zitsulo. Buku losainira analipinda kuti lilowe. Zithunzi zake zilipo, mukaziona mungati munthu wapita kukazonda mkaidi atavala suti. Azakhali ena a ku Ntcheu anafika pofunsa kuti kodi mwanayu walakwa chani.

Ukwati unamangidwa, koma mkwatibwi akadali m'chitini, dzuwa likuwotcha denga. Anaimbira a Likaka. Mdalayo anati amalize kaye geti la eni ake. Anafika cha m'ma wani koloko ndi makina ake odulira zitsulo, anazimitsa swichi ija, n'kudula khoma la galimoto ya ku Japan, bowo ngati la uvuni. Tiyanjane anatuluka chokwawa ngati mwanapiye m'dzira, tsitsi lokha ndiye lili mwaa, lokongola zedi. Anthu nthungululu.

Womaliza kutuluka anali Dorika. Thukuta thupi lonse, m'manja chitsulo chowongolera tsitsi, chikadali chamoto, paja masoketi ankagwira bwino. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pomwe panaima injiniya.

"Biziwiki. Ukudziwa chimene ndikuchite?"

"Ndadziwa kale, mayi!"

Liwiro lake, aise! Anadumpha mpanda wa tchalitchi osaugwira. Ndi tsiku lokhalo m'moyo wake limene ananena mawu amenewo akudziwadi.

A Likaka akukulunga chingwe chawo, anayang'ana bowo lija, kupukusa mutu, n'kuuza khamu lonse lija kuti: "Mwaonatu anthuni. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo."

Basi, ndi pomwepo. Pofika madzulo mawuwo anali pa sitetasi iliyonse mu Lilongwe muno, lero mukuti ndi a makolo. Galimotoyo ikuyendabe ku Mchesi, chigamba chachitsulo m'nthiti. Nde alipo pano amene akuti ndikunama, aimirire tipite limodzi akamufunse yekha Dorika?