Ndege Yanga Yodziwa Kugwada

Nkhani iyi ndimaikamba nditayang'ana pansi. Ngati munaimva kale pamsika wa Chipyela, munamva yoseketsa chabe. Yeniyeniyo imawawa, ndipo chitsiru cha m'nkhaniyi ndine.

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi mawailesi. Koma mtima wanga unali pa droni, kandege ka mapiko anayi kaja, ndiye ndinati ndipanga ndekha. Thupi lake ndinalumikiza mapaipi apulasitiki. Timainjini ndi batire zinabwera pa sitima ya panyanja. Zotsalazo ndinazula m'mafoni akufa, n'kumawotcherera timawaya mpaka zala zonse matuza okhaokha.

Vuto linali limodzi. Timitengo ta rimoti toyendetsera ndege sitinabwere, sitima n'kufika, n'kubwerera, n'kufikanso. Apa m'pamene ndinadziona wanzeru. Mukukadziwa kachipangizo ka m'foni kamene kamatembenuza chithunzi ukaipendeketsa? Ndinakaika m'kontena ya majarini, n'kuimanga pachifuwa ndi lamba. Ndikawerama, ndege inkatsika. Ndikawongoka, inkakwera. Ndinayesa kangapo kuseri kwa nyumba, ndekhandekha, zonse bwinobwino. Ndinayamba kudzitcha injiniya.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikufuna kukwatira Estere wa ku Mbungo. Bambo ake anamwalira kale, choncho mawu omaliza anali a malume ake, a Barnaba, amene anagwira ntchito ku Joni mpaka imvi. Iwo ankati wokonza mafoni si munthu wa ntchito, ndi wongotsegula zinthu za eni.

"Bwera nayo ndege yakoyo aione," anatero Estere. "Akaona kuti mutu wako umagwira, alola ankhoswe ako abwere. Akakana, ine sindingawapitirire."

Loweruka m'mawa ndinauyamba wapansi, ndege kumsana. Ku Mbungo ndinapeza usipa uli mbee pamathandala. Amayi a Estere anali atadzaza thandala lawo lonse, ndipo ankati ukauma aukweza sitima. Ndinasankha kabwalo kapambali, n'kuyatsa. Ndege ija viii, m'mwamba! Anthu anasiya maukonde n'kuthamangira.

Kenako a Barnaba anatulukira ndi ndodo yawo.

"Muli bwanji, aphwanga?"

Inu mukudziwa, wamkulu sumuyankha utaima njo ngati mlongoti. Thupi linachita lokha. Ndinawerama. Ndege nayo fyuu, mpaka pafupi ndi chipewa chawo! Ndinawongoka msanga, iyo n'kukwera.

A Barnaba anagwira pakamwa.

"Eish! Chandipatsa moni?"

Apa ndikanangonena zoona, kuti amalume, chinthuchi chatsala pang'ono kukusendani mutu. Koma kwa nthawi yoyamba anali akundiyang'ana ngati munthu.

"Eya amalume," ndinatero. "Ndinachiphunzitsa."

"Very good! Ku Joni ndaona makina ambiri, koma onse amwano. Ichi ndiye cha kwathu. A Yohana, tabwerani chikulonjereni!"

A Yohana, mkulu wa kwaya, anabwera. Ndinawerama, ndege fyuu, iwo n'kuyankha moni akuyang'ana m'mwamba. Kunabwera wina, kenako winanso. Aliyense ankafuna wakewake. Ine thukuta lili kamukamu, ndikuyesa kuwerama pang'ono pokha kuti ndisaphe munthu.

"Iwe, kwa a Yohana chinatsika kwambiri," anadandaula agogo ena. "Ine chandipeputsa!"

Ndinawonjezera. Mpango wawo unauluka. Anaombera m'manja, kukondwa.

"Amalume, mwina ndiiteretse kaye," ndinanong'ona. "Batire ikutha."

"Ayi! Chitere chisanalonjere mwini mudzi? Taitanani alongo anga!"

Mwini mudzi amene ankanenayo anali amayi a Estere. Apongozi suwaweramira chabe ayi, umagwada n'kuomba m'manja, maso pansi. Ndinayang'ana Estere kuti andipulumutse. Iye anali akumwetulira, akuganiza kuti ukwati watheka.

Amayiwo anabwera mwaulemu wawo, n'kukhala pamphasa pafupi ndi thandala lawo, miyendo atatambasula.

Ndinaganiza msangamsanga. Ndikapanda kugwada, mkazi ndaluza. Ndikagwada, ndege yapita. Ndinati ndigwada msana uli chiwongokere, ngati wansembe pa guwa. Bondo loyamba linafika pansi bwinobwino. Lachiwiri nalonso. Ndege ili m'mwamba phee. Ndinayamba kuthokoza Mulungu.

"Mwatiyendera, bambo," anatero amayi aja.

Basi mutu unagwa wokha, chifuwa n'kutsatira. Chizolowezi sichifunsa injiniya.

Sindinaione ikutsika, poti maso anali pansi. Ndinangomva phokoso ngati chigayo chameza mwala. Podzutsa mutu, ndege ili pakati pa thandala la apongozi, mapiko onse akuzungulira, usipa ukuuluka ngati ngumbi. Wina padenga, wina mumchenga, wina m'chipewa cha a Barnaba. Nkhuku za Mbungo yense zinafika ngati zinachita kuitanidwa, akabawi nawo n'kuyamba kutsika.

Apa ndiye mutu unaima. Ndinangoona batire yanga ikufuka utsi. Ndinadzambatuka, n'kukuwa kuti, "Chokani! Chokani!" Njira yachidule yopita pathandala inadutsa pamphasa paja. Abale anga, ndinadumpha miyendo ya apongozi. Yonse iwiri, pamaso pa anthu, ndikuwauza kuti achoke!

Pofika ine n'kuti ndege itatha kale. Mapaipi atasweka, timawaya titasungunuka, fungo la pulasitiki ndi usipa wopserera lili ponseponse. Ndinaima pamenepo nditanyamula phiko limodzi. Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zomwe zinandiwawa kwambiri. Amayi a Estere anadzuka, n'kukutumula chitenje, n'kuyamba kutola usipa wawo mmodzimmodzi mumchenga. Nditati ndithandize, anangotembenukira kumbali.

Ulendo wobwerera ku Chipyela sindinauonepo kutalika chotero. Ndinkalira, sindibisa. Ntchito ya miyezi yambiri inali m'thumba la shuga, ndipo mbiri inali itandipitirira kale panjira. Mayi wina wogulitsa chinangwa atandiona anawerama, n'kufunsa ngati kumwamba kuli bwino.

Ndinakhala m'shopu masiku angapo osadya bwino, ndikudikira. Tsiku lina Estere anafika, koma sanalowe. Anaima pakhomo, maso ali psuu.

"Amalume akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akambirana ndi amayi."

"Ndiye? Za usipa ndikonza, Estere. Ndikapepesa, ndikagwada tsiku lonse!"

"Za usipa sakudandaula kwambiri. Akuti ndege ija inali yoleredwa bwino. Inalonjera aliyense, ndipo pofika pa amayi inagwada mpaka kufa."

"Nanga ine?"

Estere anapukuta m'maso.

"Akuti ndegeyo ikanafunsira, akanaipatsa mkazi. Koma mwini wakeyo asadzapondenso ku Mbungo."

Ulemu ndi wabwino, anzanga, koma muziyamba mwatera.