Mita ya malemu amalume

Mpaka lero ndikamadutsa pa Malindi ndimayenda chowerama, ndipo chinandichititsa manyaziwo ndi mita ya magetsi.

Amalume anga, omwe anali msodzi, anamwalira mwadzidzidzi. Akazi awo analowa eda, miyezi ija imene mayi wamasiye sachoka pakhomo, ndiye abale anatuma ine kuti ndizikawathandiza (kwathu amanditcha wasukulu, ngakhale fomu folo ndinalemba kawiri).

Tsiku lina masana azakhaliwo anandiitanira kuseri kwa nyumba. "Mwanangu, tandiwerengera mitayi. Ikundiopsa ine."

Inali mita yakale ija, ya manambala ndi kambale kozungulira m'galasi. Ndinazimitsa mababu onse, wailesi n'kuzula. Kambale kanaima. Ndisanatsegule pakamwa kuti ndiyankhule zanzeru, kanayambanso kuzungulira pang'onopang'ono, popanda wokhudza kanthu.

Tinalondola waya. Unakalowa m'kachipinda ka maukonde, kamene akuluakulu anakhoma kuti kadzatsegulidwe pa arobaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi. Nditagunditsa khutu pachitseko ndinamva kung'ung'udza, ngati munthu akupemphera dua chapansipansi. Kenaka zii. Kenaka n'kuyambanso.

"Ndi iwo eti?" ananong'ona azakhali. "Ine kuthawa sindingathe, ndili pa eda. Ndikhala bwanji muno?"

Munthu wanzeru akanakapempha kiyi. Ine mantha anali atandigwira, koma sindinafune kuti aonekere. Ndinati, "Musadandaule, ndiwadulira." Ndinazula fyuzi ya waya umenewo, kambale kanaima, kung'ung'udza kunatheratu. Tsiku limenelo ndinayenda chifuwa chili patsogolo.

Patatha masiku atatu, ndi kutentha kwa ku Mangochi kuja, m'kachipindamo munayamba kutuluka fungo. Fungo la chakufa lenileni. Ntchentche zobiriwira zinaunjikana pachitseko. Azakhali anasiya kudya, ankangondiyang'ana n'kumati, "Wawakwiyitsa." Ine (wasukulu uja) ndinayamba kusamba ndi mchere.

Tinaitana ashehe. Ananunkhiza kamodzi kokha, anati, "Alekeni malemu apume. Bweretsani kiyi."

M'katimo, kuseri kwa maukonde, munali firiji yaikulu. Mnzawo wina wa malemuwo, wa pabwato, ndiye anadzaulula: amalume anaigula mobisa kuti akazi awo ayambe geni ya nsomba, ndipo anadzazamo chambo cha ulendo wawo womaliza, akudikira tsiku labwino loti awaonetse. Chambo chonsecho chinali chitasanduka phala.

Azakhali sanandikalipire. Anangosisita chivundikiro cha firiji nthawi yaitali, fungo lonse lija osalimva. "Ndiye kuti anali iwodi," anatero. "Amandisungira ndiwo, iwe n'kuwazimitsa."

Dzenje lokwiriramo nsombazo ndinakumba ndekha, ndipo palibe anandithandiza. Ndikanakonda akanangondimenya. Zoti ndinaphunzirapo sindinama: kuyambira tsiku limenelo, munthu akandiitanira mita ndimati maso akuwawa.