Mapeyala a kuseri kwa hositelo

Lolemba
Ndine wapampando! Ine, mwana wa ku Dowa, pa koleji ya pamwamba pa phiri pano. Aphunzitsi akuti atsikana tiphunzire utsogoleri poyendetsa tokha ntchito. Yathu: kudzala mapeyala kuseri kwa hositelo. Mbande atipatsa ndi mayi ake a Wezi, mnzanga wa m'chipinda. Azifesa okha ku Nchenachena, azisenza pamutu mpaka pamsewu. Zili m'machubu, zikudikira maenje.

Lachiwiri
Msonkhano woyamba. Pemphero, nyimbo, pemphero lina. Sindikufuna wina adandaule, ndiye aliyense ndikumupatsa udindo: wachiwiri wanga, mlembi, wachiwiri wake, mneneri, wa mapemphero, wa mwambo. Zokumba tikambirana mawa. Dzuwa likuswa mtengo.

Lachitatu
Funso: akumbe ndani? Mlembi akuti iye akulemba. Mneneri akuti, "Ine changa n'kuyankhula." Tikusankha komiti ya makasu. Wezi akunditsina: "Mbande zija zamwa?" Nkhaniyi ndaiika pa mfundo za mawa.

Lachinayi
Komiti ya madzi yabadwa, koma ikudikira komiti ya makasu. Masamba afota. Ndikudutsa ndi ndowa ya madzi osamba, mtima ukuti thirira. Koma aphunzitsi anati mtsogoleri wabwino salanda anzake ntchito. Ndangodutsa.

Lachisanu
Anyamata akutikuwiza: "Bomatu ili, nduna zokhazokha!" Zikundiwawa. Amati mutu umodzi susenza denga. Ife mitu ilipo yambiri, denga lili pansi. Wezi wapita ku maliro, sanatsanzike.

Loweruka
Aphunzitsi aona ndondomeko yathu. Akuti ndi yachitsanzo, magulu ena atengere ife! Tikuwomba m'manja. Kuseri sanapiteko, ine sindinawakumbutse. Madzulo ndikukhudza tsamba limodzi, likufumbutuka ngati fodya.

Lamulungu
Mayi ake a Wezi abwera naye, apemphera nafe, akufuna kuona mitengo yawo. Ndikuwatsogolera kuseri. Akugwada, akukanda tsinde lililonse ndi chikhadabo. Ambiri ndi nkhuni. Pakona apeza angapo obiriwira mkati.
Sakukalipa. Bola akanakalipa.
"Mwana wanga, wamkulu pano ndani?"
Ndikuti ndine.
"Yewo. Ndiye ndowa ili kuti?"
Ndikupita kumpopi, nsapato za kutchalitchi zili kuphazi. Komiti ya madzi ndiiuza mawa.