Tsiku Limene Ndinaitanitsa Apongozi Kupolisi

Pali zinthu zimene mkamwini wanzeru zake sangachite ngakhale atabwebweta ndi malungo. Ine ndinachita chimodzi mwa izo masanasana, ndisanalawe kanthu kalikonse, tayi ili pakhosi. Mpaka lero nkhaniyi ikangoyamba, mkazi wanga amadzuka kuti akaone ngati nkhuku zalowa, chonsecho pakhomo pathu sitiweta nkhuku.

Ndiyambe ndi galimoto. Ndinaigula nditagwira ntchito pa Boma pano, ku Mchinji, zaka zambirimbiri ndikuyendera kabaza. Ndi kagalimoto kotha msinkhu, ena anayamba akakhetsa thukuta kunja uko, koma kwa ine n'kamwana. Vuto langa ndi loti ndimalota ndili maso. Ndikangokhala m'katimo, ngakhale injini ili chete, ndimakhala nditadutsa kale pachipata cha m'malire, ndikutsetsereka kulowera ku Chipata, mawindo otsitsa, kamphepo kakundisisita, oyendetsa mathiraki akundiimbira hutala ngati mnzawo. (Kunena zoona, kagalimotoka ku Zambia sikanapondeko. Mapepala ake ndimangoti ndikonza mwezi wamawa.)

Nthawi yokumba mtedza tinapita kwa Mavwere kukaona makolo a mkazi wanga. Pakhomo pa apongozi pali mtengo wamango wamthunzi wokoma, ndipo ine ndinakaimika galimoto pomwepo osafunsa munthu. Sindinaone kuti pansipo padutsa njira ya ngolo yopita kunkhokwe. Ena onse ankaidziwa, koma ndani angauze mkamwini wobwera pagalimoto kuti asunthe? Titadya ndinabwerera m'galimoto, n'kugonetsa mpando, ndikuyang'ana mithunzi ya masamba ikusewera pagalasi. Njiwa zinkalira chapatali, kautsi ka m'minda kakukwera mwaulesi, mapiri ali buu ngati nawonso akusinza. Ine ndinali kale pakati pa Chipata ndi Lusaka.

Chimene chinandibweza ku Malawi ndi kaphokoso koti kwee. Apongozi aamuna ankachokera kumunda ndi ngolo yodzaza matumba a mtedza, ndipo posafuna kundidzutsa anayesa kudutsitsa ng'ombe pakampata kotsala pakati pa galimoto ndi khola. Ng'ombe zinadutsa bwinobwino. Chitsulo cha m'mbali mwa ngolo n'chimene chinalemba mzere pachitseko chakumbuyo, kutalika ngati chikhatho, ndi kadzenje koti n'kukabisa ndi chala.

Mkuluyo anavula chipewa napepesa mobwerezabwereza. Ine ndinaseka, ndinati palibe kanthu, chitsulo sichimva kuwawa. Ndinalankhula mokoma kwambiri moti apongozi aakazi anawonjezera thumba lina la mtedza m'buti. Koma m'katimu mtima unali ukulira.

Titabwerera pa Boma kachipsera kaja kanayamba kukula, m'maso mwanga mokha. M'mawa ndikamatsuka galimoto kankakhala kakang'ono ndithu, koma pofika madzulo kankakhala katafika kumchira. Mkazi wanga anati ndikasiye, apo ayi ndipite nako kwa amisiri opopera penti kuseri kwa msika. Ndinatsala pang'ono kumvera. Tsoka ilo ndinakumana ndi mnzanga wina wamalonda a zitenje, amene amadutsa malire ngati akupita kuseri kwa nyumba yake. Anakapapasa kachipserako napukusa mutu.

"Achimwene, nanga inshuwalansi mumalipira chaka ndi chaka ija ndi ya chani? Auzeni eni akewo, akupatsani chitseko chatsopano."

Chitseko chatsopano. Mawu amenewo ndinkadya nawo, kuyenda nawo. Ndinkalingalira kuti akadzaona chitseko chonyezimira pambali pa zinzake zofumbwa, adzachita manyazi n'kupenta galimoto yonse. Mwinanso podikira adzandibwereka ina, yaikulu, ya mpweya wozizira, yoti ndikaimika pamsika anthu azidzafunsana kuti wabwera ndani. Mtima wina unkandiuza kuti kanthu kochepa chonchi sikoyenera kudzutsira maofesi, komanso kuti chaka chamawa angandikwezere zolipira. Koma mtima umenewo umalankhula motsitsa, ndipo ine ndinali nditakhala kale m'galimoto yobwereka ija.

Nditaimba foni kukampani, mayi wina waulemu anati choyamba ndipeze lipoti la apolisi, zina tikambirana pambuyo. Ndiye ndinavala tayi n'kunyamuka, mkazi wanga osamuuza. Wapolisi amene ndinamupeza anandifunsa malo, anandifunsa tsiku, kenako anafunsa amene ankayendetsa ngoloyo. Apa mpamene munthu wamaso akanadzidzimuka. Ine ndinatchula dzina lonse la apongozi, mudzi wawo, mpaka nambala yawo ya foni, mokondwa ngati ndikuwalembetsa makuponi a feteleza. Ndinkayesa dzinalo likangogona m'kabati. Wapolisiyo anati ndibwerenso Lachisanu kuti mbali inayo nayonso imveke. Ndinavomera ndi mutu, maganizo ali pa mtundu wa penti.

Lachisanu ndinafika nditapesa bwino. Pabenchi la panja panali patakhala apongozi anga, atavala jekete lawo la kutchalitchi, bulangeti lopinda bwino lili pamiyendo, kajumbo ka mbatata yootcha kali pambali. Pafupi nawo panali amalume a mkazi wanga, amene ndi ankhoswe a ukwati wathu, nkhope ili gwa. Kumudzi, apolisi akakuimbira foni, umanyamula chofunda. Ndipo mkamwini akafika potengera apongozi ake kupolisi osadzera kwa ankhoswe, aliyense amadziwa kuti banja analitaya kale. Ndinamva pambuyo pake kuti mkuluyo anatsanzika mudzi wonse, ndipo a kumpingo anabwera kudzawapempherera asanakwere minibasi.

Apongozi atandiona anaimirira. Iwo, munthu wamkulu, kuimirira chifukwa cha ine.

"Ndabwera," anatero mofatsa. "Chimodzi chokha ndikupempha. Ng'ombe zija asazigwire, zilibe mlandu. Wolakwa ndine, ndinaona mwagona ndiye ndinati ndisakudzutseni."

Ankhoswe sanataye nthawi. "Tiuzeni pompano, akamwini. Mwana wathu tikamutenge lero, kapena mutibweretsera nokha?"

Ndinagwada pomwepo pafumbi, tayi ikulendewera, akabaza atasiya makasitomala n'kumaonerera. Ndinafotokoza za chitseko, za kampani, za lipoti, koma mawu aliwonse ankangoipitsa nkhani, chifukwa kulikonse kumene ndinkadzera zinkamveka kuti ndasinthanitsa apongozi ndi penti. Ndinalowa m'kati kukauza wapolisi uja kuti nkhaniyo ithere pomwepo. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kunsapato. Manyazi a tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Kunyumba mkazi wanga anaphikira bambo ake ndi amalume ake, ine n'kundipatsa madzi osamba m'manja basi. (Mayi wa kukampani uja nditamuimbiranso kuti asavutike, anandiuza mwaulemu womwewo kuti inshuwalansi yanga ndi yolipirira okhawo amene ine ndawagunda, osati galimoto yanga. Chitseko chatsopano kunalibe chiyambire.)

Banja lilipo, tithokoze Mulungu ndi ankhoswe. Ndinapita kumudzi kukapepesa mwamwambo wake, anthu anati zatha, ndipo ine ndinakhulupirira kuti zathadi. Chaka chotsatira, nthawi yokolola chimanga, tinapitanso. Ulendo uno galimoto ndinaiimika padzuwa, kutali ndi njira, ndikudziona kuti ndakula. Posakhalitsa ngolo inatulukira. Apongozi atangoona galimoto anaimitsa ng'ombe kumsewu uko, n'kuyamba kusenza matumba okha pamsana, limodzilimodzi, akuilambalala patali ngati pagona njoka. Munthu wa imvi, thumba pamsana. Ndinathamanga kuti ndiwalandire, koma anandikaniza mwaulemu.

"Iyayi abwana, mudetsa malaya."

Abwana. Kale lonse ankandiitana ndi dzina la mwana wanga woyamba, ngati wapakhomo. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kugwada kupolisi kuja, ndipo thumbalo ndinawalanda mwamakani, misozi ili pafupi.

Masiku ano ndikamapita kwa Mavwere galimoto ndimaisiya pa Boma, ndimakwera minibasi n'kumalizira wapansi. Phunziro ndatolapo, loti kanthu koti n'kukabisa ndi chala ndi bwino kukabisa ndi chala. Koma kulota sindinasiye. Ndikatsamira pawindo la minibasi ndimadziona nditaima pakhomo paja, mkuluyo akubwera ali pangolo, n'kundikalipira ngati mwana wake kuti, "Bambo a Tiyamike, tasenderani uko, mukutchinga njira." Ndimamwetulira ndekha mpaka kondakitala kundigwedeza.

Ndikafika amandilandira bwino, amandipatsa mpando wabwino kuposa yonse. Mpaka lero ndikadali abwana.